Tikambeko za potashi, dothi la kunyanja kuno si limodzi ndi la ku Lilongwe

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga mu nyuzipepala yanuyi ndikambe nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo chikumbireni chinangwa chaka chatha pa munda wa malemu bambo anga kuno ku Nkhotakota. Mundawu uli chakumtunda pang'ono kwa msewu wa M5, dothi lake ndi lamchenga loyererako, ndipo ife tikukula phata limodzi la chinangwa mwana samatha kunyamula yekha. Chaka chatha mitengo yake inali yowoneka bwino ndithu, koma titazula tinapeza tizinangwa tonga zala, tina tolimba ngati mizu ya mtengo, toviika masiku onse aja koma ufa wake osadzadza ndi lichero lomwe. Alamu anga akuti mbewu yakalamba, ena akuti ndi khate la chinangwa. Matenda alipo sindikukana, koma ine ndinaphunzitsako zaulimi ku sekondale zaka zambiri ndisanapume, ndipo nditayang'ana masamba akunsi mmene amapsera m'mbali ngati wina wawawawula ndi moto mtima wanga unapita pa potaziyamu, amene ambiri timangoti potashi.

Amene mumagula feteleza kalekale mukukumbukira zimene zinkalembedwa pa thumba la wokulitsa, 23:21:0+4S. Ana asukulu ndinkawafunsa kuti ziro ameneyu akuimira chani, ambiri osadziwa, ndipo nanga makolo awo akanadziwira kuti? Nambala yoyamba ndi naitrojeni, yachiwiri fosiforasi, yachitatu ndiye potashi. Ndiye kuti zaka zonse zija, ndi nthawi ya makuponi yomwe kuyambira 2005, timathira wokulitsa wopanda potashi ngakhale kadontho, wobereketsa nayenso urea ndi naitrojeni yekhayekha. Maganizo anali akuti nthaka ya Malawi potashi ili naye wokwanira, ndipo m'madera ambiri a katondo monga chigwa cha Lilongwe zinali zoona pa nthawiyo. Cha m'ma 2018 boma linasintha nkubweretsa 23:10:5+6S+1.0Zn, amene ali ndi kapotashi pang'ono komanso zinc, ndipo apa ndiyamike, anachita bwino. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Thumba la makilogalamu 50, 5 pa 100 aliyense ndi makilogalamu 2.5, ndipo poti pa thumba amawerengera potashi wophatikana ndi okosijeni, potaziyamu weniweniyo ndi makilogalamu 2 basi. Pamene tani imodzi yokha ya chinangwa chachiwisi imachoka mmunda ndi potaziyamu pafupifupi makilogalamu 3, ndipo chinangwa kuno ndani amathira feteleza? Palibe. Timangokumba, kubzalanso, kukumba, kubzalanso, zaka 40 munda womwewo, masamba tathyola chigwada, mitengo tasonkhezera moto kapena tapititsa kukabzala kwina, makoko atsala kunyanja kumene timaviika. Chobwerera mmunda mulibe.

Tsono chimene chimasokoneza anthu, ngakhale ophunzira, nchakuti dothi likhoza kukhala ndi potaziyamu wambirimbiri koma mbewu nkumafa naye njala pomwepo. Ndimakonda kufanizira ndi kondowole wathu yemweyu. Nsima imene ili m'mbale ndi imene mwana angadye pompano, imeneyo ndi potaziyamu amene wasungunuka m'madzi a m'dothi, mizu imamwa ameneyu yekha, ndipo ndi wochepetsetsa zedi, sakwana ndi gawo limodzi lomwe pa magawo 100. Kenako pali ufa umene uli m'dengu, ukatha nsima m'mbale mayi atha kuphika ina lero lomwe, ameneyu ndi potaziyamu womatirira kunja kwa tinthu ting'onoting'ono ta dongo ndi ta manyowa owolerana, mbewu ikamwa wa m'madzi uja iyeyu amatsika kudzalowa m'malo, ndipo nayenso ndi gawo limodzi kapena awiri pa 100. Akamayeza dothi ku labu kawirikawiri amayeza awiri amenewa. Ndiye pali chinangwa choviika chimene udikire masiku, uyanike, usinje, ameneyo ndi potaziyamu wopanikizika pakati pa timapepala ta dongo, chifukwa mitundu ina ya dongo inapangidwa ngati masamba a buku ndipo potaziyamu amalowa mkatikati nkutsekeredwa, amatuluka pang'onopang'ono pa miyezi kapena zaka. Wotsala yense, magawo oposa 90 pa 100, ali m'miyala yeniyeni, feldspar ndi mica, tija timanyezimira mu mchenga wa mu mtsinje ngati golide. Ameneyo ndiye sindingafanizire ndi chinangwa cha mmunda ayi, chifukwa chinangwa pakatha chaka umakumba, pomwe mwala kuti ufumbutuke mpaka utulutse potaziyamu wake ndi zaka mazanamazana, adzadya ndi adzukulu a adzukulu athu.

Ndiye munthu akaima pa msonkhano nkunena kuti nthaka yathu ili ndi potashi wambiri, funso langa limakhala lakuti wake uti, wa m'mbale kapena wa m'mwala? Ndipo nthaka yake ya kuti?

Funso lachiwirili ndi limene ndalembera kalatayi, chifukwa nyengo ya dera ndi imene imaumba dothi. Kumayiko ozizira monga Canada ndi kumpoto kwa Ulaya, madzi oundana anapera miyala zaka zoposa 10,000 zapitazo, pa msinkhu wa dothi limenelo ndi lakhanda, likadali ndi mica wambiri ndi dongo lija la timapepala, moti nkhokwe yawo ya potaziyamu ndi yaikulu ngakhale dothi lomwelo limathanso kumeza feteleza amene mlimi wathira nkumutsekera. Kumadera ouma, kumene mvula ndi yochepa, potaziyamu satsukidwa, amangokhala pomwepo, vuto lawo limakhala mchere ndi kusowa madzi. Koma kumene kumatentha nkumagwanso mvula yambiri, miyala inafumbutuka kalekale, dongo lotsala ndi la mtundu wa kaolinite limene siligwira zakudya kwambiri, ndipo mvula chaka ndi chaka imakokera potaziyamu pansi kumene mizu sifika. Malawi ngakhale ndi kadziko kakang'ono zonsezi zilimo kupatula madzi oundanawo. Ku Nsanje ndi Chikwawa kotentha mvula yochepa kuli makande akuda aja ong'aluka m'chilimwe, potashi kawirikawiri savuta. Ku Mulanje ndi Nkhata Bay mvula imapitirira mamilimita 1,500 pa chaka, dothi lofiira la asidi lotsukika. Ife kuno tili mbali ya anzathu a ku Nkhata Bay, mvula yathu ya mu Marichi aliyense amaidziwa mmene imakhuthukira usiku ndi usana, ndipo ikagwa pa mchenga ili ngati ukuthira madzi mu sefa.

Ndipo musapite kutali, boma limodzi lomweli dothi ndi losiyana. Ku Salima kuli madambo a makande monga mbali ya Lifuwu kumene amalima mpunga, koma ukangoyenda pang'ono kulowera ku Senga Bay ndi mchenga wokhawokha. Kuno kwathu m'mphepete mwa Bua muli dothi lobwera ndi madzi kuchokera kumtunda, lachonde, lonyezimira ndi mica, pomwe munda wa bambo anga makilomita ochepa chabe ndi mchenga wotopa. Onsewa thumba lake limodzimodzi, mulingo wake umodzimodzi, kachitsekero kamodzi ka botolo pa phando. Zingatheke bwanji?

Dongo la makande nalonso lili ndi khalidwe lake loti alimi alidziwe. Likanyowa limafufuma, likauma limakhwinyata nkung'aluka, ndipo kunyowa ndi kuuma kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti pena potaziyamu atsekeredwe pena atuluke. Komanso potaziyamu sayenda yekha kupita ku muzu, amayenda mu kachinyezi kamene kamakuta tinthu ta dothi, mtunda wake waufupi kwambiri, ndiye kukachita ng'amba ngati ija ya mu 2024 mbewu imaonetsa njala ya potaziyamu ngakhale m'dothi alimo, ndipo chomvetsa chisoni nchakuti nthawi ya ng'ambayo ndi imene mbewu imamufunitsitsa, chifukwa ndi iyeyo amene amatsegula ndi kutseka timabowo ta pa masamba kuti madzi asamangotayika. Chaka chomwecho mu Febuluwale anzathu a ku Dwangwa madzi anasefukira, minda ina inakwiririka ndi mchenga. Munda woteroyo ungaupatse malangizo omwe aja a zaka 20 zapitazo?

Ntchito ina ya potaziyamu ndi kunyamula shuga amene masamba apanga kupita naye kumene mbewu imasungira, ku njere, ku tsinde la nzimbe, ku chinangwa pansi, ku mkoko wa nthochi. Nchifukwa chake mbewu zimene timadalira kunyanja kuno, chinangwa, mpunga, mbatata, nzimbe, nthochi, zonse ndi zadyera pa potashi kuposa mmene anthu amaganizira. Chinangwa chosowa potaziyamu chimakhala ndi ufa wochepa ndipo chimawawa kwambiri, poizoni uja timachotsa poviika amachuluka. Chimanga chimaonetsa pa masamba akunsi, kupsa kuyambira kunsonga kutsata m'mbali mwa tsamba pakati pakadali pobiriwira, kusiyana ndi njala ya naitrojeni imene chikasu chake chimatsata msempha wa pakati. Ambiri akaona zimenezi amathamangira urea, kukongola ndalama ku banki mkhonde, kuthira, chimanga nkutalika bwino koma mapesi ofewa, mphepo ya mwera pang'ono chagona pansi, zitsononkho kunsonga zopanda njere. Ndinafunsapo mnyamata wogulitsa mu shopu ina ya zipangizo zaulimi ngati ali ndi feteleza wa potashi yekha, anandiyang'ana nkundiloza urea. Sindimuda mwanayo, palibe anamuphunzitsa, ndipo palibenso mlimi amene anabwerapo kudzafunsa. Alimi a fodya okha ndi amene potashi anamudziwa kalekale kudzera mu feteleza wa D compound, chifukwa tsamba lopanda potashi silipsa bwino ndipo ku okushoni limagwa mtengo.

Tsopano mpunga, apa ndiye pamandiwawa kwambiri. Kuti mukolole tani imodzi ya mpunga wosapuntha kumakina, matumba 20 a makilogalamu 50, mbewuyo imamwa potaziyamu wopitirira makilogalamu 15, koma chosangalatsa nchakuti magawo 8 pa 10 a potaziyamu ameneyu sapita mu njere ayi, amatsala mu mapesi. Ndiye kuti mulu wa mapesi umene watsala pamene mwamenyera matumba 20 uli ndi potaziyamu wofanana ndi wa mu matumba 6 a feteleza watsopano uja. Matumba 6, pa mtengo wa lerowu! Ndiye pitani m'madambo mwezi wa Juni ndi Julayi mukaone utsi. Timaunjika mpunga malo amodzi, kumenya, kunyamula matumba, mulu uja kuyatsa. Moto umauluza naitrojeni ndi salufa, potaziyamu ambiri amatsala mu phulusa, koma phulusalo lili pa kamalo kamodzi konga mphasa, munda wonse wapereka koma walandira ndi pamodzi pokha, lina mphepo yatenga, lotsala madzi oyamba akokolola. Chaka chamawa mudzaona pamalo paja mpunga wakuda bii wautali, kwina konse wofiirira, ndiye timati pamenepa pali mwayi. Ena mapesi amatengera ng'ombe, zimenezo nzabwino ngati ndowe ikubwerera kumunda, koma dziwani kuti potaziyamu wambiri ng'ombe imatulutsira mu mkodzo, ndiye khola lopanda udzu pansi komanso lopanda denga, mvula ikangogwa zonse zapita. Ngakhale mapesi omwewo ukawasiya pa mulu mvula nkuwavumba, potaziyamu amatsukika msanga chifukwa mu mbewu samangika ndi chilichonse, amangokhala m'madzi a mbewuyo. Ubwino wake ndi womwewo, ukawamwaza mmunda safuna kudikira kuti awole, mvula yoyamba yomweyo wabwerera m'dothi.

Palinso china cha m'madambo, munda ukakhala m'madzi nthawi yaitali ayironi wa m'dothi amasungunuka, mwaonapo madzi ofiira a dzimbiri okhala ngati athiridwa mafuta pamwamba. Ayironi ameneyu amakankha potaziyamu kumuchotsa pa dongo, madzi akamatuluka mu sikimu amapita naye, ndipo mpunga wosowa potaziyamu ndi umene umavulala msanga ndi ayironi wochulukayo, masamba kuchita madontho ofiirira ngati dzimbiri. Kilombero wathu wonunkhirayu ndi wamtali kale, ukamuwonjezera urea wopanda potashi ndiye kugwa kwake sikufuna mphepo yambiri.

Agogo athu potashi ankamudziwa ngakhale dzina lachizunguli sankalidziwa. Chidulo chija amayi ankatcheza, kuwotcha zitsononkho kapena makoko a nthochi kapena masangwi a mtedza, phulusa kuika mu kachibade koboola, kuthira madzi nkumadontha pansi, kuphikira therere, madzi amenewo ndi potashi weniweni. Ndipo dzina loti potash azungu analitenga pa ntchito yomweyi, phulusa la mu mphika, ankatcheza phulusa la nkhuni nkuphitsa madziwo mpaka kuuma. Humphry Davy wa ku England ndi amene anapatula potaziyamu payekha mu 1807 kuchokera mu potashi yemweyo, ndipo chilembo K choimira potaziyamu chimene chili pa thumba chinachokera ku mawu oti kalium amene gwero lake ndi Chiarabu, kutanthauza phulusa la zomera. Lero potashi wa mu feteleza amachita kukumba pansi, wambiri ku Canada, Russia ndi Belarus, ndiye nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 mitengo inakwera dziko lonse, ife tigule ndi madola amene tilibe, adutse pa nyanja, atsike ku Beira kapena Nacala, akwere thiraki mpaka kuno. Pamene phulusa la pa mafuwa m'mawa uliwonse tikukataya kudzala, la mu uvuni wa njerwa likungokokoloka ndi mvula, la pamene amawambira nsomba ku doko ndiye milu.

Chaka chino ndayesa ndekha. Pa munda womwe uja ndinapatula mizere 10, ndinamwaza phulusa limene tinasunga mu matumba malo ouma kuyambira chilimwe, ndi manyowa a mbuzi, nkukwirira popanga mizere, mizere ina 10 pambali pake osathira kanthu, mbewu imodzimodzi tsiku limodzimodzi. Kusiyana kukuoneka ndi maso, masamba akunsi sakupsanso m'mbali ndipo nditafukula phata limodzi mwezi watha ndinaitana alamu aja kuti adzaone okha. Koma phulusa silibweretsa potaziyamu yekha, lili ndi kashiamu, limachepetsanso asidi wa m'dothi, manyowa nawo ali ndi zawo, ndiye kuti tidziwe chenicheni chimene chikusowa mpofunika kuyeza dothi basi. Ndichenjezenso anzanga amene amapanga feteleza wa Mbeya, uja wosakaniza feteleza wogula ndi manyowa ndi phulusa, phulusa likakumana ndi urea pa chinyezi naitrojeni amathawa ngati mpweya, fungo lija lolasa m'mphuno mukatsegula thumba ndi feteleza wanu akuuluka, ndiye musachulutse phulusa ndipo thumba limangidwe ndithu. Komanso phulusa lokha silingakwanire minda yonse, ndipo sindikuuza munthu kuti akadule mitengo mu nkhalango ya Nkhotakota kuti apeze phulusa ayi, ndikunena limene tili nalo kale.

Pempho langa kwa akuluakulu a zaulimi ndi ili. Ku Chitedze kuli labu yoyeza dothi, ku Salima kuli malo a kafukufuku ku Chitala ndi ku Lifuwu, ku Bunda kuli ana athu amene akuphunzira za nthaka. Mlimi wa kwa Mwansambo kapena ku Benga sangakwere minibasi ndi kathumba ka dothi mpaka ku Lilongwe, ndalama ya thiransipoti yokha ndi ya ndowa ya chimanga. Bwanji dothi lizitoleredwa pa ofesi ya zaulimi ya m'dera (EPA) kamodzi pa zaka zingapo, kalabu iliyonse kapena mudzi uliwonse, zotsatira nkubwera mu Chichewa chomveka, kuti kwanuko potashi ngochepa thirani chakuti, kwanuko alipo musataye ndalama? Ndipo poyezapo asamangoona wa m'mbale ndi wa m'dengu yekha, m'madambo a makande aziyezako ndi wotsekeredwa uja kuti tidziwe ngati nkhokwe ikadalipo kapena tinaipala kale. Feteleza wa potashi payekha, muriate of potash amene ali ndi magawo 60 pa 100, azipezekanso m'mashopu a m'maboma a kunyanja olo m'timapaketi ta makilogalamu 5 kapena 10, thumba limodzi la ameneyu potashi wake ndi wofanana ndi matumba 12 a wokulitsa watsopano uja, ndipo mlimi wa chinangwa pa mchenga safuna zambiri kuti aone kusintha. Pa mchenga azithira kawiri pang'onopang'ono osati kamodzi, apo ayi mvula ya Marichi idzatenga. Wa fodya yekha ndiye asagwiritse ameneyu chifukwa cha kloraidi amene amaononga kapsedwe ka tsamba, iwo wawo ndi sulphate of potash.

Pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020 nkhani yake inkangokhala ya chimanga, matumba angati, afika liti, netiweki yavuta. Nzofunika zimenezo, koma kuno anthu ambiri nsima yawo ndi kondowole ndipo ndalama yawo ndi mpunga, ndipo pa wailesi sindinamvepo pulogalamu yofotokoza chimene chinangwa chimadya m'nthaka. Alangizi athu ndi ochepa, mmodzi midzi yambirimbiri pa njinga yakapalasa, sindingawanene, koma akanapatsidwa ngakhale kapepala ka zithunzi zoonetsa tsamba losowa potaziyamu pambali pa losowa naitrojeni, alimi otsogola akanagawana pa WhatsApp sabata imodzi yokha uthenga wafika paliponse.

A Mkonzi, mukadzakhala ndi mtolankhani wopita mbali ino nthawi yomenya mpunga, mutumeni adzafike ku sikimu ya Bua madzulo dzuwa likupendeka adzajambule milu ya mapesi ikuyaka, adzawafunse alimiwo chifukwa chimene amawotchera, chifukwa zifukwa ali nazo, mapesi amavuta polima ndi khasu ndiponso amasunga mbewa, ndiye mayankho awowo mudzawapititse kwa akatswiri a ku Lifuwu atiuze njira yoti mapesi abwerere mmunda popanda kuthyola msana wa mlimi. Ine mizere yanga 20 ija ndikumba mu Okutobala, ndidzayeza pa sikelo mbali iliyonse payokha ndipo manambala ake ndidzakutumizirani.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Nkhotakota